Woimira chipani pa upulezidenti amasankhidwa bwanji? Za makonvenshoni, madelegeti ndi nkholokolo

Chisankho chikamayandikira, olo chikangotha kumene, nkhani za pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp zimakhala zomwezomwezo: uyu amuchotsa m'chipani, uja wakatenga chiletso ku khothi, awa akufuna konvenshoni ya msanga, enawa akuti nthawi sinakwane. Ukakwera minibasi yochoka pa Kasungu boma kupita ku Santhe, kapena ukakhala pa Chinkhoma nthawi ya fodya, umamva funso lake lomweli, kodi anthuwa si a chipani chimodzi, nsalu imodzi, nyimbo imodzi, nanga akulimbirana chani? Ambiri amangoti ndi dyera basi nkuisiya pompo. Dyera lilipo, sindikukana, koma palinso kamangidwe ka zipani zathu kamene kamachititsa kuti nkhondozi zizibwera mobwerezabwereza m'chipani chilichonse, cha tambala, cha chimanga, chachikasu, chofiira, zonse. Nde tiyeni tiziunike modekha, chifukwa munthu amene timakamupeza pa pepala lovotera uja amakhala atasankhidwa kale ndi anthu ochepa kwambiri, ndipo mmene anthu ochepawo amapezekera ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pulaimale ndi konvenshoni ndi zinthu ziwiri

Ambirife timasakaniza. Pulaimale, imene a wailesi amati chisankho chachipulula, ndi ija imachitika ku dera konkuno posankha amene adzaimire chipani pa mpando wa phungu kapena wa khansala. Amene munaionako mukudziwa mmene imakhalira. Pa bwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo, opikisana aima kutsogolo atatembenukira uko, kenako a makomiti a m'maeriya amauzidwa kuti aliyense aime kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, owerenga nkumayenda ndi kope kugunda paphewa mmodzimmodzi. Chinsinsi palibe pamenepo, mayi amene analandira nsalu ndi shuga kwa uyu akakaima kumbuyo kwa uja aliyense waona, ndipo pofika madzulo nkhani yafika kale kwa mwini nsalu. Malo ena masiku ano amagwiritsa mapepala ndi bokosi koma mkangano umakhala womwewo, woti abwera kudzavotawa ndi a makomiti enieni kapena angotengedwa pa lole ku mudzi wina.

Konvenshoni ndi ina. Uwu ndi msonkhano waukulu wa chipani chonse, kawirikawiri pakatha zaka zisanu, ndipo ndi kumene amasankha pulezidenti wa chipani, achiwiri ake, mlembi wamkulu, msungichuma ndi ena a komiti yaikulu. Kwathu kuno wopambana upulezidenti wa chipani nthawi zambiri ndi yemweyo amene amakanyamula mbendera pa chisankho cha dziko. Ovota kumeneko si mamembala onse ayi, ndi nthumwi, madelegeti, masauzande ochepa chabe okwana mu holo imodzi ngati BICC ku Lilongwe kapena Comesa ku Blantyre. Yerekezani ndi anthu oposa 7 miliyoni amene analembetsa kuvota mu 2025.

Chitsanzo chapafupi ndi ufumu wathu wachichewa. Mfumu ikatisiya si mudzi wonse umene umasankha wolowa m'malo, amakhala pansi ndi a mbumba ndi akuluakulu a kubanja, chitseko chotseka, nkumayang'ana mwa ana a alongo ake a malemu, ife ena timangoitanidwa tsiku lolonga kudzaimba nthungululu. Ndipo mikangano ya ufumu mukaiona bwino sikhala pa tsiku lolongalo, imakhala pa funso loti m'nyumba muja munalowa ndani, anamuitana ndani, ndipo wina uja anamusiya panja bwanji. Konvenshoni ndi chimodzimodzi.

Maiko ena amachita mosiyana. Ku America anthu wamba amavota dera ndi dera kwa miyezi ingapo posankha woimira chipani pa upulezidenti, koma nawonso sanayambe choncho. Mu 1968 chipani cha Democratic chinasankha Hubert Humphrey ku konvenshoni ya ku Chicago iyeyo asanapikisane nawo m'mapulaimale, kunja kwa holo kuli zipolowe, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene unawakakamiza kusintha malamulo kuti mphamvu zipite kwa ovota wamba. Olo zinatero madandaulo sanathe. Mu 2016 otsatira Bernie Sanders ankati akuluakulu a chipani akukondera Hillary Clinton, maimelo a ku likulu atatuluka poyera wapampando wa chipanicho Debbie Wasserman Schultz anatula pansi udindo. Mu July 2024 Joe Biden atasiya mpikisano, Kamala Harris anasankhidwa ndi nthumwi popanda pulaimale ina. Nde tisaganize kuti zimenezi ndi za ku Malawi kokha.

Madelegeti amachokera kuti

Chipani chimamangidwa kuchokera pansi: nthambi, eriya, dera la phungu, boma, chigawo, kenako komiti yaikulu imene a MCP amati NEC pamene a DPP amati NGC. Paliponse pamakhala komiti yaikulu ya pamalopo, ya amayi ndi ya achinyamata. A MCP atsogoleri awo amawatchula matcheyamani, a UDF ndi DPP amati magavanala. Malamulo a chipani chilichonse amanena kuti pa boma pachoke anthu angati, pa dera angati, kuonjezera aphungu ndi a komiti yaikulu amene amalowa chifukwa cha maudindo awo.

Pa pepala zonse ndi zolongosoka. Vuto ndi loti zipani zathu zambiri zilibe kaundula wodalirika wa mamembala. Nthawi ya chipani chimodzi khadi linali lokakamiza, Ayufi ali pa geti la msika, opanda khadi sulowa ndipo basi sukwera, nde matipate atabwera mu 1993 ndi 1994 anthu anali atatopa nalo khadi ndipo zipani sizinalimbikirenso. Zotsatira zake ndi zoti funso loti membala ndani, komiti yovomerezeka ndi iti, amaliyankha ndi amene ali ndi chidindo ku likulu. N'chifukwa chake mpando wa mlembi wamkulu umavuta kwambiri, nthawi zina kuposa wa wachiwiri kwa pulezidenti, poti makalata oitanira misonkhano ndi mndandanda wa nthumwi zimadutsa mu ofesi yake.

Mukamamva kuti chipani chikukonzanso makomiti kutatsala miyezi yochepa kuti konvenshoni ichitike, tcherani khutu. Zitha kukhala zoona kuti makomitiwo nthawi yawo inatha, ena anamwalira, ena anapita ku Joni. Zithanso kukhala kuti tcheya wa pa boma amene akuoneka ngati akudyera limodzi ndi mbali ina akuchotsedwa mwaulemu. Ife a kunja n'kovuta kusiyanitsa ziwirizi, ndipo mbali zonse zimalankhula molumbira.

Kenako pali ndalama. Delegeti wochokera ku Chulu kapena ku Chamama nthawi zambiri ndi mlimi, wa geni, mphunzitsi wopuma, munthu amene wagwirira chipani zaka ndi zaka osalandira kanthu, kumanga misasa ya misonkhano, kusonkhanitsa amayi ovina, kupalasa njinga yake yomwe kukauza anthu za maliro a membala. Chaka cha konvenshoni ndi chokhacho chimene mabwana a m'tauni amakumbukira nambala yake. Usiku woti mawa ndi voti kumalo ogona nthumwi sikugonedwa, magalimoto amangosinthana pa geti, uyu wabwera ndi envelopu akuti ya thiransipoti, uja wabwera ndi ya sopo, wina walipira chipinda ndi nkhuku ya madzulo, foni ili pa chaja ikungolira. Delegeti amalandira zonse ndi manja awiri nkumuuza aliyense kuti bwana musade nkhawa, voti yanu ili pano. Poti ku konvenshoni voti imakhala yachinsinsi, m'mawa mwake pamapezeka opikisana amene analonjezedwa mavoti ambirimbiri nkupeza owerengeka pa zala. Ena amati chimenechi ndi chibanzi basi palibe dzina lina. Madelegeti ena amayankha kuti kulandira si kugulitsa, mtima wawo amaudziwa okha. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo mu 2024 ofesi yoona za zipani inapeza mkulu wake, a Kizito Tenthani, koma ngati lamulolo limalowa mpaka m'chipinda cha nthumwi ndi nkhani imene anthu akadakanganabe.

Kukhulupirika, ndi kumene kunachokera

Apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa mbiri yake ikutikhudza ife a ku Kasungu mwachindunji. Amene anaphunzira nthawi ya Kamuzu, mwana wa kwathu konkuno, amaloweza mpaka lero ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ngodyazi sizinali za pa sukulu pokha, zinali lamulo la mkati mwa chipani. Mu September 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, nduna zimene zinatsutsana ndi Kamuzu pa nkhani ngati tiki, kandalama kolipira kuchipatala, ndi ubale ndi maiko ena zinaona zakuda. Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, Henry Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi okha, ndipo ambiri anathawira kunja. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya.

Kuyambira pamenepo kungoganiziridwa kuti ukuyang'ana mpando unali mlandu. Aleke Banda anachotsedwa mu 1973 nyuzipepala ina ya ku Zambia italemba kuti ndi amene angadzalowe m'malo. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani, ananyongedwa mu 1977. Gwanda Chakuamba anamangidwa mu 1980, anagamulidwa zaka 22 ndipo anatuluka mu 1993. Ndipo mu May 1983 mlembi wamkulu Dick Matenje, nduna ya chigawo chapakati Aaron Gadama wa kuno ku Kasungu, nduna Twaibu Sangala ndi phungu David Chiwanga anapezeka atafa ku Mwanza. Boma linati ndi ngozi ya galimoto, kafukufuku wa 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi, ndipo pa mlandu wa 1995 khothi linapeza Kamuzu, John Tembo ndi ena osalakwa.

Sindikukumba mbiriyi kuti ndinyoze chipani chimodzi ayi, chifukwa amene anayambitsa zipani zina mu 1990 ndi kutsogolo ambiri anakulira momwemo, a Bakili Muluzi eni ake anakhalapo mlembi wamkulu wa MCP. Chimene ndikunena n'chakuti mbadwo wonse wa andale unaphunzira kuti kuonetsa chidwi pa mpando bwana akadalipo ndi kuukira. Malamulo a dziko anasintha mu 1994 koma chizolowezi sichisintha ndi siginecha. Lero munthu sanyongedwa, amaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo, amatchedwa nkholokolo, achinyamata amamuletsa kulowa pa msonkhano, akatuluka amatchedwa madeya.

Mbali ziwiri zonse zili ndi mfundo, ndipo ndi bwino kuzimva. Omwe ali ndi mtsogoleri amati chipani chopanda mwambo sichingapambane, ngati aliyense ayamba kampeni yake chaka chachiwiri ndiye ntchito iyenda liti, komanso n'zoona kuti zipani zina zimatha kuponya ndalama kwa munthu wa mkati kuti asokoneze. Omwe akutchedwa nkholokolo amati malamulo a chipani amalola membala aliyense kupikisana, ife tinalumbira kutumikira chipani osati munthu mmodzi, nanga tikauze bwanji nthumwi maganizo athu ngati kukumana nazo kumene ndi mlandu? Mu August 2024 a Lazarus Chakwera ku MCP ndi a Peter Mutharika ku DPP onse anadutsa ku makonvenshoni awo popanda wopikisana nawo. Wina anganene kuti ndi chizindikiro cha umodzi, wina anganene kuti ofuna kupikisana anali atathana nawo kale konvenshoni isanafike. Zonse ziwiri mumazimva pa benchi imodzi.

Kudzoza wolowa m'malo

Uku ndi kumene mtsogoleri amaloza yekha munthu woti adzamulowe, konvenshoni nkungobwera kudzadinda. Chitsanzo chachikulu ndi cha UDF. Bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti itagwa ku Nyumba ya Malamulo mu July 2002, a Muluzi mu 2003 analoza a Bingu wa Mutharika, munthu amene mu 1999 anapikisana nawo pa chipani chake cha United Party nkupeza mavoti ochepa zedi. Akuluakulu amene anamanga UDF kuyambira ili mobisa sanakondwe. Aleke Banda anapita ku PPM, wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko Justin Malewezi anaima payekha mu 2004, Brown Mpinganjira anali atachoka kale ndi NDA yake. Maganizo a ambiri anali oti munthu wopanda mizu m'chipani adzamvera womudzoza. Bingu anapambana mu May 2004, pofika February 2005 anatuluka UDF nkuyambitsa DPP, ndipo chipani chimene chinapambana chisankho chinapezeka chili ku mbali yotsutsa.

Zaka zochepa chabe nkhani inabwereza. Zitayamba kumveka kuti a Peter Mutharika ndi amene adzalowe m'malo mwa mkulu wawo, a Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko, anachotsedwa mu DPP mu December 2010 limodzi ndi a Khumbo Kachali, ndipo anayambitsa People's Party. Bingu anamwalira pa 5 April 2012, pa 7 April a Joyce Banda analumbira, ndipo m'masabata ochepa aphungu ndi nduna zambiri zimene zinkawanyoza dzulo zinali zitavala olenji. Mu 2014 mphepo itatembenuka enanso anabwerera ku buluu. Apa ndi pamene munthu umafunsa kuti kukhulupirika kuja kunali kwa munthu, kwa chipani kapena kwa mpando umene uli ndi makiyi a boma. Kunena chilungamo, a Peter Mutharika anapikisana ku konvenshoni ya April 2013 ndi a Henry Chimunthu Banda, amene anali Sipikala, ndipo anapambana pa voti.

Mu April 2018 a Callista Mutharika, mkazi wa malemu Bingu, ananena poyera kuti a Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko, ndi amene aimire DPP. Gulu linabadwa mkati mwa chipani, mawu anali akuthwa mbali zonse, koma nkhaniyi sinakafike pa bokosi la konvenshoni. Chilima anatuluka mu June, mu July UTM inakhazikitsidwa pa Masintha ku Lilongwe. Kenako panabwera mgwirizano wa Tonse pa chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020. Mu 2022 Chilima ananena kuti mgwirizano wake ndi a Chakwera unali woti mu 2025 adzaimire ndi iyeyo, a MCP anati woimira chipani chawo amasankhidwa ndi konvenshoni yawo basi. Anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024 nkhaniyo isanathe.

DPP itagwa mu 2020 panabukanso ina. A Kondwani Nankhumwa, wachiwiri kwa pulezidenti wa chipani kummwera amenenso anali mtsogoleri wa otsutsa ku Nyumba ya Malamulo, ndi mlembi wamkulu a Grezelder Jeffrey, ankafuna konvenshoni ichitike kuti utsogoleri usinthe. Anachotsedwa koyamba mu 2020, khothi linaimitsa, anakokana zaka zitatu ndi kanthu, mpaka mu January 2024 anachotsedwa kotheratu ndipo a Nankhumwa anayambitsa PDP. Pa 16 September 2025 a Mutharika anapambana ndi mavoti oposa 56 pa 100 aliwonse. Owatsatira amati zotsatirazo zikuonetsa kuti chipani chinaona patali. Ena amati kupambana chisankho sikuyankha funso loti ofuna kupikisana anapatsidwa mpata kapena ayi.

Eni chipani ndi obwera

Mkangano uwu aliyense wa pa eriya amaumva mumtima. Mbali imodzi pali anthu amene anavutika ndi chipani chili kotsutsa, anamenyedwa, anasonkha okha ya mafuta, MCP mwachitsanzo inakhala kunja kwa boma kuyambira 1994 mpaka 2020, zaka 26. Mbali ina pali munthu wobwera dzulo ndi ndalama, maphunziro kapena mavoti a chigawo chimene chipani chilibe mphamvu. Akale amati tinaphika ndife akudya ndi ena. Obwera amati chipani chosalandira alendo chidzafa ndi eni ake.

Mbiri ili ndi zitsanzo za mbali zonse. A Chakwera mu August 2013 anabwera kuchokera ku utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God nkupambana ku konvenshoni ya MCP imene a John Tembo anasiyira mpando. Mu 2017 a Sidik Mia a ku Chikwawa analowa MCP pamene mpando wa wachiwiri unali ndi a Richard Msowoya, Sipikala wa nthawi imeneyo. Panali kuimitsana, panali ziletso za khothi zokhudza a Msowoya, mlembi wamkulu Gustave Kaliwo ndi a Jessie Kabwila, ndipo konvenshoni ya May 2018 inasankha a Mia, a Msowoya nkupita ku UTM. Mu 2024 NEC ya MCP inaika lamulo loletsa amene sanakhalitse m'chipani kupikisana pa maudindo akuluakulu, koma khothi lalikulu linalithetsa konvenshoni itatsala pang'ono kuyamba. Ku UTM nako, a Dalitso Kabambe, amene anali gavanala wa Reserve Bank ndipo ankafuna utsogoleri wa DPP, analowa m'chipanicho Chilima atamwalira nkupambana ku konvenshoni ya ku Mzuzu mu November 2024, kuposa a Patricia Kaliati ndi ena amene analipo kuyambira pa Masintha. A Michael Usi, amene anali wachiwiri kwa Chilima m'chipanimo, sanapikisane nawo ndipo mu 2025 anaima pa tikiti ya Odya Zake Alibe Mlandu.

Womutsatira sasankhidwa ndi konvenshoni

Ichi ambiri sachidziwa. Wachiwiri kwa pulezidenti wa chipani ndi running mate, womutsatira pa chisankho cha dziko uja, si munthu mmodzi mwalamulo. Konvenshoni imasankha woyambayo, koma dzina lolembedwa pa mapepala opita ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho, amasankha yekha woimira chipaniyo, ndipo nthawi zambiri ngakhale a komiti yaikulu amadziwira pa tsiku lomwelo. A Joyce Banda mu 2014 anatenga a Sosten Gwengwe kusiya a Kachali, a Mutharika mu 2019 anatenga a Everton Chimulirenji ndipo mu 2025 a Jane Ansah, a Chakwera mu 2025 anatenga a Vitumbiko Mumba amene ku konvenshoni anagonja kwa a Catherine Gotani Hara. Chifukwa chake chimamveka mukakumbukira kuti pulezidenti sangachotse wachiwiri wake wosankhidwa naye limodzi, Bingu anayesa kwa a Cassim Chilumpha mu 2006 nkhani inakathera ku khothi. Nde atsogoleri amafuna munthu amene sadzawasowetsa tulo, pamene nthumwi zimafunsa kuti nanga voti yathu ija inali ya chani.

Khothi, Gawo 65 ndi oima paokha

Mkati mwa chipani mukasowa woweruza wodalirika, anthu amathamangira ku khothi. Si zachilendo. Mu 2000 MCP inachita makonvenshoni awiri, ya a Chakuamba ku Blantyre ndi ya a Tembo ku Lilongwe, aliyense akuti chipani ndi chake, mpaka mu 2003 pamene a Tembo anapambana ndipo a Chakuamba kenako anayambitsa Republican Party. Abale athu a ku Mchinji amene amamvera wailesi za ku Chipata akukumbukira za ku Zambia, pulezidenti Michael Sata atamwalira mu October 2014 chipani cha PF chinagawikana ku Kabwe, gulu lina linasankha Edgar Lungu pokweza manja, lina linasankha Miles Sampa, ndipo zinatengera khothi kuti dzina limodzi lipite pa pepala lovotera. Makhothi athu kawirikawiri sanena kuti woyenera kutsogolera ndi uyu, amangoyang'ana ngati chipani chatsatira malamulo ake omwe, ngati woitanitsa msonkhano anali ndi mphamvu zotero, ngati wochotsedwayo anapatsidwa mpata wodziteteza.

Gawo 65 la malamulo a dziko limati phungu amene wasiya chipani chimene chinamulowetsa nkulowa china cha m'Nyumbamo ataye mpando. Mu 2007 khothi la Supreme linatsimikiza kuti gawoli ndi lovomerezeka, ndipo chaka chomwecho bajeti inachedwa chifukwa otsutsa ankafuna Sipikala athane kaye ndi aphungu amene anatsatira Bingu ku DPP. Koma kugwiritsa ntchito kwake kwakhala kwa apo ndi apo, ziletso zimachuluka. Gawo 64, limene linkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo, linachotsedwa mu 1995.

Nkhondo za pamwambazi zimatsikira pansi kudzatipeza. Phungu amene anaima ndi mbali yogonja ku konvenshoni amadziwa kuti pulaimale yake ivuta, makomiti a dera lake akonzedwanso. Akagwa amaima payekha. Mu 2014 oima paokha anapambana mipando 52 mwa 193, mu 2019 anapambana 55, ndipo ambiri mwa iwo anali oti anakangana ndi zipani zawo pa mapulaimale.

Mafunso amene akadalipo

Loyamba ndi loti mamembala onse azivota posankha woimira chipani kapena zikhale za nthumwi. Ofuna kusintha amati anthu masauzande mazanamazana sungawagule ndi envelopu. Otsutsa amati popanda kaundula wa mamembala a chipani china angadzavotere munthu wofooka dala, komanso ndalama zoyendetsera chisankho chotero zichokera kuti poti zipani zambiri zimadalira thumba la mtsogoleri.

Chachiwiri chikukhudza thumba lomwelo. Ngati munthu mmodzi ndi amene akulipira holo, mabasi ndi chakudya cha nthumwi, iyenso ali pa mpikisano, angakhale bwanji wofanana ndi anzake? Kodi mtsogoleri amene akufuna kupikisananso aziyamba watula pansi mphamvu zina, ndipo mndandanda wa nthumwi uzisindikizidwa poyera miyezi ingati konvenshoni isanachitike?

Palinso funso la malire a boma pa nkhani za zipani. Apa malamulo amati chipani chopeza mavoti oposa gawo limodzi mwa magawo khumi chizilandira thandizo la boma, ndalama za misonkho yathu. Ena amati nde ofesi yoona za zipani ikhale ndi mphamvu yoyang'anira makonvenshoni. Ena akuopa kuti ofesi yosankhidwa ndi boma ingadzagwiritsidwe ntchito kusokoneza otsutsa.

Lamulo la 50+1, loti wopambana upulezidenti apeze mavoti oposa theka, limene linabwera ndi chigamulo cha khothi cha 2020 likukakamiza zipani kuchita migwirizano, nanga mgwirizano wosainidwa ndi atsogoleri awiri m'chipinda umamanga konvenshoni kapena ayi, ndipo bwanji suwerengedwa poyera? Mlembi wa pa eriya ku Nkhamenya amene akuuzidwa kuti akope anthu avotere mtsogoleri wa chipani china ali ndi ufulu wodziwa zimene analonjezana?

Ndipo la 2030 layamba kale kununkhira. A Mutharika anabadwa mu 1940, nde nkhani ya wolowa m'malo ku DPP singapewedwe. MCP inagonja mu 2025 ili m'boma, ndipo iyenera kuona ngati ipitirire ndi utsogoleri womwewo kapena iyitanitse nthumwi msanga. Amene ayambe kuyendera matcheyamani ndi magavanala chaka chino kapena chamawa adzatchedwa okonzekera kapena nkholokolo? Ndipo makomiti a kwathu kuno akadzayamba kukonzedwanso, mndandandawo adzalemba ndani?